A Cassimiro Oimitsa Magalimoto

A Cassimiro a ku Lifidzi sankatha kumva pampu ya galimoto ikulira iwo n'kukhala chete. Ankaponya khasu pansi, kuthamangira kumsewu, n'kuima pakati penipeni manja ali m'mwamba. Mwini galimoto kaya amamudziwa kaya ayi, zinalibe kanthu. Lero anthu ena, osadziwa n'komwe pamene madzi amalowera m'injini, akumati anali amisala. Zimenezi ine zimandipsetsa mtima.

Ntchitoyi anaiphunzira ku Joni, m'galaja ya pamgodi. Anabwerako ndi masipanala anayi, chitini cha girizi, ndi khutu lomva zimene ife tonse sitinkamva. Ankati pampu yamadzi ndiyo imazunguza madzi kuti injini isapse, ndipo ikayamba kutha imalira kaye, kenako imadontha, pomaliza amalira ndi mwini wake.

Lamulungu lina tili m'tchalitchi, tonse titagwada, kunja kunadutsa lole ya mbatata. A Cassimiro anadzuka, kudumpha miyendo ya anthu, n'kukaipeza pachitunda ikukwawa. Dalaivala wake, Silvestro, anatsika atakwiya.

"Kodi bambo, mukufuna chiyani? Sindikudziwani ine."

"Nanenso sindikudziwa, mwana wanga. Girizi unaika liti m'pampu muno?"

"Imaikidwa girizi?"

A Cassimiro anachita chizindikiro cha mtanda. Anabwerera m'tchalitchi Misa itatha, malaya oyera aja ali bii, n'kufunsa ngati ulaliki unali wabwino.

Koma imene imandiwawa mpaka lero ndi ya mu 1953. Kunadutsa galimoto yakuda ya mzungu wina wa boma, amene dzina lake sindifuna kulitchula pakamwa panga. A Cassimiro anaiimitsa monga mwa masiku onse. Mzunguyo analankhula kudzera mwa msipayi, msilikali wake amene anakhala kumbuyo.

"Akufunsa ngati ukufuna kufa."

"Muwauze kuti ine ndili bwino, yodwala ndi pampu yawo. Pamlatho safikapo."

Asanayankhidwe anali atatsegula kale kutsogolo, n'kugwira chikupizo cha injini. Chinali gwedegwede. Mlandu wawo unali womwewo, kugwira galimoto ya mzungu. Msipayi anawatengera kuboma wapansi, ndipo kumeneko anawamenya mbalamatodya, chithabwa chija chobooledwa, makumi awiri dzanja lililonse. Munthu wa imvi, chifukwa chochenjeza.

Galimoto ija pamlatho sinafikedi. Inawira, n'kufera pakati pa minda ya nyemba. Pampu yatsopano inalipo m'nyumba yosungira katundu ya kuboma, m'bokosi lake, koma wodziwa kuimanga panalibe. M'mawa mwake msipayi yemwe uja anafika pakhomo, chipewa chili m'manja. Anapeza a Inácia, akazi a a Cassimiro, akuthowa manja a amuna awo, otupa ngati maungu.

"Abwana akuti abwere adzakonze."

"Akakonze ndi mbalamatodya yawoyo," anatero a Inácia osatukula mutu.

A Cassimiro anatembenukira kwa msipayi. Kenako anafunsa motsitsa mawu: "Madzi ake mwakhuthula?"

"Bambo, musandichititse manyazi," anatero a Inácia.

"Mayi, galimotoyo sinandimenye ine."

A Inácia anatukwana njira yonse, koma masipanala ananyamula ndi iwo. Atafika, a Cassimiro analephera ngakhale kugwira nati. Ndiye anakhala pamwala, manja ali pamaondo, n'kuyamba kulamula, akazi awo akugwira ntchito.

"Masulani lamba. Chotsani chikupizo. Manati anayiwo musawaike m'fumbi."

"Ndiwaike m'kamwa?"

"M'kamwa mwanu mulibe malo, mwadzaza mawu."

A Inácia anachotsa pampu yakale, anapala dzimbiri ndi mpeni wawo wosendera mbatata, n'kudula katoni yotsekera pakati kuti madzi asadonthe. Manati anamanga mopingasa, ili kenako lakutsidya, monga ankauzidwira. Msipayi atabweretsa madzi a m'dambo, a Cassimiro anamubweza kawiri, mpaka anakatunga oyera kukasupe. Pamenepo pokha ndinawaona akumwetulira.

Injini italira, mzungu uja anakwera. Zikomo sanatchule, ngakhale m'chinenero chake. Anangotulutsa dzanja pawindo n'kuponya ndudu imodzi pansi. Ndudu imodzi, kwa munthu wosatha kupinda chala. A Inácia anaitola, kuiyatsa, n'kulowetsa mbali ya moto m'kamwa monga amasutira amayi akwathu. Anati ndi yawo, poti amene wagwira ntchitoyo ndi iwowo.

Zala ziwiri za dzanja lamanja la a Cassimiro sizinapindikenso. Tinkaganiza kuti aleka, koma sabata lotsatira anali kale pamsewu, akukalipira dalaivala wa ku Kalomwe amene anatseka kudontha kwa madzi ndi ufa wa chimanga.

Chinawatenga ndi chifuwa cha kumigodi, mu 1958, nthawi ya chisanu. Pamaliro panaima malole asanu ndi awiri, ena ochokera ku Dedza, ndipo Silvestro, amene tsopano anali ndi lole yakeyake, analira mpaka amayi anachita kumugwira. Kuboma sikunabwere munthu.

Masiku ano msewu wa Lifidzi ndi wa aliyense. Malole amadutsa akulira mmene angafunire, ndipo awiri anafera pachitunda, nkhuku zikuikiramo mazira. Madalaivala akale okha, akafika pa mkuyu wa pakhomo pa a Cassimiro, amachepetsabe liwiro n'kusiya nyimbo zawo zapakamwa. A Inácia amakhala pakhonde akusenda mbatata. Ndinawafunsa tsiku lina chifukwa chake salola kuti mwana wawo akawatenge akakhale ku Tete.

"Kumeneko magalimoto ndi ambiri," anatero. "Ndizidzamva onse akudwala, wondiuza choti ndimasule palibe."