Ndinagawa majuzi popita ku Chikwawa

M'mudzi mwathu muno muli anthu amene chiperoni akangoyamba amandikumbukira ndi kuthokoza. Ine ndikawaona ndimayang'ana kumbali, chifukwa zomwe zimawafunditsazo zinali zanga. Palibe anandibera. Ndinagawa ndekha, dzuwa likuswa mtengo, ndikuseka mano onse pamtunda.

Kwathu ndi kunsi kwa phiri la Mulanje, mbali ya Chambe, kumene dzuwa la Juni limatuluka mochedwa ngati mkamwini waulesi. Amene anatholako tiyi mmawa wa nkhungu, zala zitauma osamva kanthu, akudziwa kuti kuno juzi si chovala chotchenera. Ine ndinali nawo majuzi, ndipo sindikunama, akazi anzanga ankandisirira.

Bambo a Tadala, amuna anga a nthawi imeneyo, ankayendetsa thalakitala ku esiteti. Ntchito itatha anapeza ina ku Chikwawa, kuminda ya nzimbe. Anandisiya ine ndi mwana pa amayi anga, ati akapeze kaye nyumba. Nyumbayo inadutsa chaka ikupezedwabe. Ndikafunsa pa foni, yankho linali lomwelomwelo: "Mayi a Tadala, kuno si kwa anthu. Kutentha kwake, nkhuku zimayenda chiyasamire. Inuyo simungapirire." Ine mumtima ndinkati ndinakwatiwa bwino, mwamuna woganizira khungu la mkazi wake.

Tsiku lina chakumapeto kwa Meyi lilime linawaterereka. Akudandaula za udzudzu anati, "Nyumba yatsopanoyi mawindo ake ndi aakulu, umangolowa."

"Nyumba yatsopano?"

Pomwepo foni inayamba kuduladula (netiweki ya ku Chikwawa inali ndi nzeru, inkadziwa nthawi yodukira). Munthu wanzeru akanakhala pansi nkuganiza. Ine ndinadzuka nkuvina. Ndinati amafuna adzandidzidzimutse, ndiye bwanji ndisawadzidzimutse ndine? Mmawa mwake ndinapita pa Boma kukagula makatani a mawindo aakuluwo, oyera, opyapyala, amaluwa obookabooka.

Kenako ndinayamba kutsanzika. Sindinatsanzike ngati munthu wopita ku Chikwawa, ndinatsanzika ngati wopita kunja kwa dziko. Kumjigo ndinalengeza, kuchigayo ndinalengeza, kumvano anandiyimbira nyimbo mpaka kundipempherera. Ndipo aliyense wobwera kudzandiona ndinkamutsegulira sutikesi.

Juzi yofiira, imene achimwene anga ananditumizira kuchokera ku Joni, ndinapatsa mng'ono wanga Esinta. Yamizere yomwe ndinkatholera tiyi inapita kwa mnzanga wa m'munda. Chipewa choluka ndi masokosi ochindikala anatenga aneba. Bulangete langa lalikulu, lolemera moti munthu mmodzi sungalifinye, ndinakapereka ndekha kwa amayi apampando a mvano. Chinatsala chikhoti chakuda chofika m'mawondo, chomwe ndinkavala ku maliro ndi ku tchalitchi basi. Chimenecho ndinaitanira alamu anga, a Eneresi, achemwali awo a bambo a Tadala.

Anachivala, nkudzitembenuza uku ndi uku, nkusisita kolala. "Alamu, mwatsimikiza?"

"Tengani! Kumene ndikupitako chikhoti ndikachitira chiyani? Kuzizira ndakusiyirani eni ake."

"Chabwino," anatero, osandiyang'ana kumaso. "Mukayende bwino. Mukapirire zakumeneko."

Amayi anga ankaona zonsezi ali pakhonde akusankha kalongonda. Nditayamba kupinda sutikesi yopepukayo, anandilankhula m'Chilomwe, zomwe amachita akakwiya. Anati ndisiyeko juzi imodzi, ngakhale yong'ambika m'chigongono, chifukwa munthu amasamuka koma kwawo kumakhalabe komweko. Ndinawayankha kuti ndikadzabwera kudzacheza ndidzasankha mwezi wotentha. (Mulomo umenewu! Ukanakhala juzi, ndi umene ndikanayamba kugawa.)

Chofunda chimodzi chokha ndinanyamula, ndipo sichinali changa. Inali jekete ya bambo a Tadala, yaubweya mkati, yomwe anaisiya pamsomali. Za mwini sagawa. Ndinaichapa, nkuisita, nkuiyika pamwamba pa makatani.

Ndinanyamuka mmamawa wa Loweruka, Juni atangolowa, nditavala diresi yopyapyala yopanda manja ndi nsapato zazingwe. Tadala ndinamusiya kuti amalize teremu. Mpaka ku Limbe ndinanjenjemera, koma ndinadzilimbitsa mtima kuti aka nkomaliza. Minibasi itayamba kutsetsereka m'makhotakhota aja opita kuchigwa, mpweya wofunda unalowa pawindo nkundikumbatira. Ndinatseka maso. Ndinati ndafika kwathu.

Nditatsika ndinafunsa mayi wina wogulitsa tomato ngati akudziwa bambo wa ku Mulanje woyendetsa thalakitala.

"Aa, amuna awo a Felesita?"

"Ayi, si amenewo. Amene ndikunena ine ndi aafupi, akuda, ali ndi mpata m'mano."

"Ndi omwewo. Nyumba yamalata atsopano iyo. Ndinu achemwali awo?"

Miyendo inayenda yokha. Chinthu choyamba chimene ndinaona panyumbapo si mkazi ayi. Ndinaona mawindo. Anali aakuludi, ndipo anali ndi makatani kale, obiriwira. Kenako ndiye ndinamuona, mtsikana wamtali, pathupi pooneka, akuchapa m'beseni malaya amene ndinawagula ndine.

Anandilandira bwino, zimenezo ndisamunamizire. Anandipatsa mpando ndi madzi akumwa. Atafunsa kuti ndine ndani, ndinamuuza. Anakhala pansi pang'onopang'ono atagwira mimba, nkunena kuti, "Koma anandiuza kuti banja linatha kale. Kuti munakwatiwa ku Milanje."

Ndiye kuti ine ndili kwathu ndikusita jekete, kuno anali atandikwatitsa kale ku Mozambiki.

Posakhalitsa eni nyumba anatulukira pa njinga kudzadya nkhomaliro. Atandiona anaponda pansi miyendo yonse iwiri. Ndinadikira kuti ndimve mawu oyamba a munthu amene ndinakhala naye zaka zonsezo, amene ndinamubalira mwana. Mawu ake anali awa:

"Nanga bwanji osayimba kaye?"

Ndinalankhula zambiri, zina sizolembeka. Aneba anadzaza mpanda. Pomaliza, posowa chowagenda nacho, ndinatsegula sutikesi, nkusolola jekete ija, nkuwaponyera kumaso ndi mphamvu zanga zonse. "Tengani katundu wanu!" Anazinda. Jekete inakagwera m'beseni la thovu, nkumira. Anthu anakuwa, ine ndinanyamula sutikesi pamutu nkutuluka monyada ngati ndapambana mlandu.

Kutsanzika kunanditengera sabata yathunthu. Kukhala ku Chikwawa sikunafike ndi madzulo omwe.

Kunyadako kunatha minibasi itayamba kukwera mtunda. Pofika ku Limbe manja anali atachita tsembwe. Pofika pa Nkando phiri silinkaoneka nkomwe, kunali nkhungu yokhayokha ndi kamvula kaja kosagwa kosasiya. Chiperoni anali atabwera kudzandichingamira. Ndikuuzeni zoona, m'minibasi monse muja ndinkalira, ndipo mayi amene anakhala pambali panga ankandisisita pamsana poyesa kuti ndaferedwa. Koma pa misozi imeneyo, ina ndithu inali ya jekete. Ndinkaiona ili m'beseni, ubweya wake ukumwa madzi, kumalo kumene palibe adzaivale.

Pa Boma ndinatsika kukuyamba kuda, mano akugundana. Kutsogolo kunali ulendo wa njinga yamoto, mphepo ya phiri ikumenya pachifuwa. Ndinatsegula sutikesi pambali pa msewu kufunafuna chilichonse. Madiresi opyapyala. Chitenje chimodzi. Makatani. Chitenje ndinamanga m'chiuno, katani imodzi ndinakulunga m'mapewa, inayo ndinafunda kumutu. Wakabaza anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, woyera mbee, maluwa akulendewera.

"Mayi, ukwati uli kuti?"

"Ukwati watha. Yendetsani."

Makatani obooka satchinga mphepo, amangoisefa. Tinalowa m'mudzi nsaluzo zikuuluka kumbuyo, agalu akuuwa, anthu akusuzumira m'makomo. Amayi atatsegula chitseko anabwerera m'mbuyo kaye. Kenako anandizindikira. Anangosuntha mbaula kuibweretsa pafupi ndi mapazi anga.

Mmawa mwake nkhani inali itafika kale paliponse, ndipo anthu anayamba kubwera kudzandipepesa. Apa ndi pamene ndinamva kuwawa kwenikweni. Ine ndili pamkeka nditadzikulunga chitenje, ndikutsokomola, ndipo alendo anga akulowa mmodzimmodzi atafunda bwinobwino. Juzi yamizere inalowa nkunena kuti amuna ndi agalu. Chipewa choluka chinagwedeza mutu nkuvomereza. Juzi yofiira inandiphikira phala. Palibe ndi mmodzi yemwe anayang'ana chimene wavala nkuyang'ana ine.

Chakumasana chinafika chikhoti chakuda, mabatani otseka mpaka m'khosi.

"Pepani alamu," anatero a Eneresi. "Ife tinkawauza achimwene kuti zimenezi zidzaululika tsiku lina."

Ndinasiya kutsokomola. "Munkawauza? Ndiye kuti mumadziwa?"

"Aa, ife tinangomva. Mtsikanayo achimwene anabwera naye pa Khirisimasi kudzamuonetsa kwa amalume, koma sanagone."

"Ndiye tsiku lija ndinkakuvekani chikhotichi, bwanji simunanene?"

Anakonza kolala. "Za m'banja la eni ife sitilowerera, alamu. Komanso munali mutasangalala kwambiri."

Ndinafuna kuwavula pomwepo. Ndinayeza ndi maso kutalika kwa mkeka. Koma thupi linali lofooka, komanso amayi anali atandigwira kale mwendo.

Musaganize kuti sindinayesere kutenganso zinthu zanga. Ndinayamba ndi Esinta, poti ndi magazi amodzi. Anati juzi anaipititsa kale kwa telala kukaichepetsa, ndipo anandionetsa, inalidi yosandikwananso. Mnzanga wa m'munda anaseka, nati akulu amati chopatsa sichibwerera, ukachilanda umatuluka zithupsa. Bulangete ndiye ndinalephera ndi kuyamba komwe. Lamulungu lotsatira amayi apampando anaimirira kutsogolo kwa mpingo nkunditchula dzina, kuti akazi onse atengere chitsanzo cha mayi uyu amene amapereka osayang'ana m'mbuyo. Mpingo wonse unawomba m'manja. Ine ndinali pabenchi yakumbuyo, chifuwa chikulira ngati chigayo. Mukanakhala inu mukanakalitenga?

Chifuwacho chinandigoneka kuchipatala masiku angapo. Nditatuluka ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba ya amayi. Bambo a Tadala sanabwere, ati ntchito yachuluka. Anatumiza mawu oti ngati ndikufuna ndikhale mkazi wamkulu, winayo wamng'ono. Amene anabweretsa mawuwo ndi a Eneresi, ndipo simukusowa kuuzidwa chimene anavala. Ndinakana. Banja linathera pomwepo, mphepo ikuwomba, ine nditabwereka juzi ya sukulu ya mwana wanga yomwe, manja ake akulekeza m'zigongono.

Tsono inu amene mukusamukira kotentha ndipo mukufunsa kuti zofunda musunge ziti, ine ndinaphunzira mowawa, mverani. Sungani juzi imodzi yabwino ndi bulangete, muzisiye kwa amayi anu osati kwa alamu. Musagawe kanthu musanagone m'nyumbamo ndi kuona amene akusesa pakhomo. Ndipo kumjigo musakanene.

Kunena ndi kosavuta. Chaka chino ndinagula juzi ina pa kaunjika, yabuluu, yochindikala bwino. Ndiye pali bambo wina woyendetsa lole amene amabwera kudzapikula nanazi kuno. Ndi waulemu, mkazi wake anamwalira (akutero iyeyo), ndipo kwawo ndi ku Nsanje. Sabata yatha anandiuza kuti kwawoko munthu amagona chitseko chili chotsegula ngakhale mu Julaye. Dzulo ndikuanika zovala ndinangozindikira kuti ndaima nditagwira juzi yabuluu ija m'mapewa, ndikuiyeza ndi maso kuti kodi Esinta ingamukwane.

Ndaitsekera m'sutikesi. Kiyi ali ndi amayi, ndipo ndawauza kuti ngakhale ndilire bwanji asandipatse.