Mmene Ndinaphera Kabokosi Kanga Chifukwa cha a Zuze

Mukadzabwera kwathu ku Nchalo mudzaona kabokosi kakuda, kakang'ono ngati sopo wochapira, kali pansi pa mwendo wa tebulo kuti lisamagwedere. Chonde musadzafunse. Alendo ena amafunsa, ndipo mkazi wanga amawayankha mokondwa kwambiri, nkhaniyo n'kuithira mchere wambiri. Ndiye ndaganiza zoifotokoza ndekha, mwina ingatuluke ndi kaulemu pang'ono (ngakhale ndikukayika).

Ine ndinakwatira mwana woyamba wa banja lina la ku Makhanga, m'boma la Nsanje. Kwa zaka zambiri mkamwini wodziwa zinthu m'banjamo ndinali ine. Ndine kalaliki pa esiteti ya nzimbe, ndipo foni ya aliyense ikavuta inkabwera kwa ine. Nthawi zambiri ndinkangoizimitsa n'kuiyatsanso, koma ndinkachita zimenezi nditakwinya nkhope, anthu n'kumagwedeza mitu. Kenako mng'ono wa mkazi wanga, Malita, anakwatiwa ndi a Zuze, kapitawo wa mathirakitala pa esiteti yomweyo. A Zuze ndi munthu wabwino, ndivomere. Ndi wansangala, wopatsa, wosasunga mangawa. Chovuta chawo n'chimodzi: ine ndikagula chinthu, iwo amagula chomwecho koma chabwinoko. Ndinagula fani, iwo anagula yokhala ndi rimoti. Ndinagula njinga yamoto, yawo inabwera ndi kabokosi kumbuyo. Zonsezi mumtima ndinkaziwerenga.

Kabokosi konera kanema ndinayamba kugula ndine, ku Limbe. Ndi kaja kolumikiza ku tivi ndi pa intaneti, kuti uzionera mpira ndi mafilimu popanda dishi. Kangako kanali ndi khalidwe lake. Kankachedwa kuyaka, kankatulutsa malonda a zilembo zachilendo, ndipo pa mpira kankaima wosewera ali m'malere. Chithunzi chikamabwerera n'kuti anthu a nyumba yoyandikana atakuwa kale chigoli, ena atayamba kale kukangana za refa.

Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi tinadzera kwa a Zuze. Tinapeza nawonso agula kawo. Anangodina rimoti kamodzi, zithunzi n'kumathamanga ngati madzi a mumpopi. Mkazi wanga anakhala pansi osadikira kupatsidwa mpando.

"Eee, koma alamu, izi ndiye zinthu! Kathu kaja kakanakhala kakuganizabe."

A Zuze anaseka n'kutembenukira kwa ine. "Achimwene, kanu kaja si koipa ayi. Vuto ndi sisitimu imene kanabwera nayo. Ine ndinachotsa yonseyo n'kuikamo ina. Si ntchito yaikulu. Mudzabwere nako ndidzakukonzereni."

Sisitimu, kwa amene simudziwa, ndiye ubongo wa kabokosi, pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse. Koma mawu amene anandilowa ine sanali amenewo. Anali akuti "ndidzakukonzereni," onenedwa pamaso pa mkazi wanga. Tili m'njira iye anawonjezera nkhuni: "Bambo a Tamanda, bwanji osangowapatsa alamu?" Ndinayankha kuti ndiona. Njinga ndinaiyendetsa mothamanga kuposa masiku onse.

Tsono panali chifukwa china chimene nkhaniyi inkandiwawira. Apongozi anga aakazi anali atatumiza uthenga kuti akubwera, ndipo ulendowo unali ndi cholinga. Apongozi aamuna anatisiya, ndipo kanema yekhayo mmene amaoneka ndi wa ukwati wathu, akuvina gule wa valimba atamanga jekete m'chiuno. Chimbale cha kanemayo chimene tinawapatsa chinapita ndi madzi osefukira pamodzi ndi katundu wina. Ine ndinali nditasunga kanemayo pa memore khadi imene inkakhala m'kabokosi kanga. Mayi aja ankafuna kudzaona mwamuna wawo akuvina. Ndipo ine ndinkafuna adzamuone m'nyumba mwanga, pa kabokosi kothamanga kuposa ka a Zuze, kokonzedwa ndi manja angawa.

Loweruka m'mawa mkazi wanga ananyamuka kukawachingamira ku Bangula, poti amawoloka pa bwato kenako n'kukwera minibasi. Ine ndinatsala ndi laputopu imene ndinabwereka kuntchito. Unali mwezi wa Okutobala, kutentha kuja koti ngakhale abuluzi amabisala.

Pa intaneti ndinapeza kanema wa bambo wina wolankhula Chingerezi chothamanga ngati akuthawa njuchi. Kabokosi kake kanali kakuda, ka ngodya zinayi, ndendende kanga. (Tsopano ndikudziwa kuti tonse n'takuda ndipo tonse n'ta ngodya zinayi. Ng'ombe zonse za ku Ngabu zili ndi nyanga, koma iliyonse ili ndi khola lake.) Bamboyo anayamba ndi kuchenjeza kuti munthu ayambe watsimikiza mtundu wa kabokosi kake, chifukwa m'kati timasiyana. Ine pamenepo ndinadumpha. Sindinabwere kudzamva ulaliki.

Ndinadawuniloda failo imene inaoneka yaikulu kuposa zonse, poganiza kuti yaikulu ndiyo yamphamvu. Kenako bamboyo anati pakufunika memore khadi yoikapo sisitimu yatsopanoyo. Khadi ndinalibe ina. Koma ija ya m'kabokosi inali pomwepo, ndipo malo inali nawo ambiri. Ndinaganiza kuti sisitimu ikhala mbali ina, ukwati wathu mbali ina, ngati anthu a lendi m'nyumba imodzi. Nditaiika mu laputopu panatuluka uthenga wa zilembo zofiira wofunsa ngati ndikutsimikiza. Inu nonse mumadziwa zimene timachita ndi mauthenga otere. Ndinadina kuvomera osawerenga.

Nditabwezera khadi m'kabokosi, chotsatira chinali kudina kabatani kobisika m'kati mwa kabowo kakang'ono kumbuyo, uku ukulumikiza magetsi nthawi yomweyo. Ntchito imeneyi imafuna manja atatu. Ndinapana kabokosi pakati pa mawondo, dzanja lina litagwira kamtengo ka machesi, lina chingwe. Kamtengoko kanathyokera m'kati. Ndinakatulutsa ndi singano ya mkazi wanga, imene nayonso inapindika, thukuta likudontha pa chilichonse. Ulendo wotsatira ndinagwiritsa ntchito waya wa pa tsache.

Ndiye mwadzidzidzi tivi inada, zilembo zoyera n'kuyamba kuthamanga kuchokera pansi kupita pamwamba. Kenako panatuluka chithunzi chatsopano, chabuluu, chokongola, chimene sindinachionepo ngakhale kwa a Zuze. Abale anga, ndinavina ndekha m'nyumba. Ndinajambula tivi ija n'kutumiza pa gulu la banja la pa foni, pansi pake n'kulemba kuti, "Zina timangopanga tokha." A Zuze anayankha nthawi yomweyo: "Pyadidi, zabwino zimenezo, achimwene! Tibwera masana tidzaonere kwanu." Ndinawerenga uthengawo kangapo, ukundikomera ngati nzimbe ya kumunsi.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Rimoti inakana. Ndinasintha mabatire, ndinaimenya pantchafu, ndinaiyandikizitsa mpaka kugunda kabokosi, koma ayi. Intaneti nayo kabokosiko sikankaiona, ngakhale foni yopereka intanetiyo inali pambali pake penipeni. Ndinalumikiza mausi ya laputopu, ndiye kanayamba kumvako. Ndinati palibe kanthu, apongozi sakubwerera intaneti, bola ukwati uoneke. Ndinatsegula apa, ndinatsegula apo. Ukwati panalibe. Ndinabwezera khadi ija mu laputopu. Munali mafailo a mayina achilendo okhaokha. Apa m'pamene ndinamvetsa zimene zilembo zofiira zija zinkanena.

Munthu wanzeru akanaima pomwepo n'kuimbira wina foni. Ine ndinaganiza motere: wa lendi watsopanoyu ndi amene watsekereza ukwati. Ndikamusamutsa pa khadi n'kumulowetsa m'kati mwa kabokosi, khadi ibwerera mmene inalili. (Musandifunse kumene ndinatenga nzeru zimenezi. Mantha ali ndi sukulu yake.) Ndinapeza malangizo a kasamutsidweko, amene ankachenjeza kuti magetsi asazime ntchito ili m'kati. Ndinayamba. Kamzere kosonyeza ntchitoyo kanayenda, kanafika pakati, fani n'kuima. Magetsi anapita.

Ndinakhala pansi pa simenti n'kumayang'ana tivi yakuda, mmene ndinkadziona ndekha ngati pagalasi. Magetsi atabwera, kabokosi kanangoyatsa kagetsi kofiira basi. Sisitimu yakale inali itafufutika, yatsopano inali isanalowe. Nditakagwira kanali kotentha ngati mwala wa padzuwa, ndiye ndinati mwina kangokomoka ndi kutenthaku. Ndinakaika m'firiji, pakati pa mabotolo a madzi, kuti katsitsimuke.

Ndisanakatulutse ndinamva "Odi!" panja.

Apongozi anakhala pamphasa pakhonde, ine ndinanjuta chapatali monga mwa ulemu, tinalonjerana. Anandiuza za ulendo, za bwato lodzaza, za minibasi imene inaima paliponse. Kenako anapempha madzi. Mkazi wanga analowa m'nyumba. Ndinamva chitseko cha firiji chikutseguka. Anatuluka botolo lili kudzanja lina, kabokosi kakuchita mame kudzanja lina.

"Bambo a Tamanda, ichi chikutani m'firiji?"

Apongozi anasuzumira. "Mwanawe, chimenecho n'chodya?"

Nthawi yomweyo njinga ya a Zuze inaima pabwalo, Malita ali kumbuyo atanyamula zakumwa. A Zuze anatsika akuomba m'manja. "Tabwera kudzaona zodabwitsa zija, achimwene!"

Panalibenso kothawira. Ndinafotokoza zonse nditayang'ana pansi, kuyambira pa failo mpaka pa firiji. Za khadi ndinazisiyira kumapeto, ndipo ndinazinena motsitsa mawu, koma mkazi wanga anamva.

"Mukuti ukwati wathu mwaufufuta?"

"Kanema yekha," ndinatero (yankho lopusa kwambiri pa mayankho onse amene ndinaperekapo m'banja).

Apongozi sanakalipe. Bola akanakalipa. Anaika kapu pansi, anayang'ana mwana wawo, n'kufunsa mofatsa: "Ndiye kuti abambo ako nkhabe, palibe? Apitanso kachiwiri?"

Palibe anaseka. Ine ndinalakalaka ng'ona ya mu Shire itabwera kudzanditenga pomwepo. Mayi wachikulire anawoloka mtsinje, anapsa ndi dzuwa m'minibasi, kuti adzaone nkhope ya mwamuna wake, ndipo ine ndinaigulitsa chifukwa chofuna kuposa mnzanga.

Amene anatipulumutsa ndi Malita. Anakhala ngati akukumbukira, kenako anati, "Dikirani. Kanema ameneyu ine ndili naye. Ndinakopera pa fulashi nthawi ija ndinkafuna kuonetsa telala diresi la achemwali. Ali kunyumba."

Motero tonse tinanyamuka kupita kwa a Zuze. Apongozi anakwezedwa panjinga ya a Zuze (ija ya kabokosi kumbuyo), ife n'kumatsatira wapansi, ine nditasenza chikwama chawo. Kumeneko anangolowetsa fulashi, kudina kamodzi, apongozi aamuna n'kutulukira pa tivi, jekete m'chiuno, fumbi lili koboo. Mayi aja anaseka, kenako analira, kenako anapempha kuti abwezenso. Anabwezeredwa mpaka anakhutira. Pomaliza anapukuta maso ndi chitenje n'kunena kuti, "Takhuta, zikomo a Zuze. Mwandionetsa mwamuna wanga."

Ukwati unali wanga. Amene ankaoneka pa tivipo atavala suti yobwereka ndinali ine. Wojambula ndinamupeza ndine. Koma wothokozedwa anali a Zuze, ndipo ndinalibe pakamwa potsutsira. Ndinasangalala kuti mayi aona zimene anabwerera, zoona, koma ndikanama nditati chisangalalo chokhacho n'chimene chinali mumtima mwanga.

Dzuwa litapendeka a Zuze anandiitanira kuseri, pansi pa mtengo wa nimu, ngati akufuna kundionetsa nkhuku. Anayang'ana uku ndi uku.

"Achimwene, ndikuuzeni chilungamo. Ine m'kabokosi muja sindinaikemo kanthu."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Ndinagula kali choncho. Wogulitsayo ndi amene ankanena za sisitimu, ine ndinangoloweza mawuwo. Mukanabwera nako kanu kaja, ndikanakwera nako basi kupita ku Limbe mwakachetechete."



"Nanga ndikanatani?" anapitiriza. "Chilowereni m'banja muno ndimangomva kuti bambo a Tamanda amadziwa izi, bambo a Tamanda amadziwa izo. Nanenso ndinkafuna ndidziweko kanthu kamodzi. Mutatumiza chithunzi chija ndinachita mantha, ndinati lero andifunsa mafunso pamaso pa anthu. Chonde, izi zikhale pakati pa ife awiri."

Ndinalonjeza. Tinagwirana chanza ngati amuna akuluakulu, ndipo kunena zoona kuyambira tsiku limenelo ndimawakonda a Zuze kuposa kale, poti ndinadziwa kuti matenda athu ndi amodzi.

Koma tili m'njira yobwerera sindinathe kupirira. Ndinamuuza mkazi wanga zonse, ndikuyembekeza kuti aima n'kunena kuti, kani mwamuna wanga ndi amene anayesako zenizeni. Iye sanachepetse ngakhale liwiro.

"Kaya anaika okha, kaya anagula, kawo kakugwira ntchito," anatero. "Ndipo ndimadabwa. Wa ku Nsanje m'nyumba muno ndine, koma nsanje yonse ili ndi inu a ku Chikwawa."

Phunziro ndinalitola: zilembo zofiira ndimawerenga tsopano, ndipo chinthu chimene chili chimodzi chokha padziko sindichiyandikira ndi laputopu. Za nsanjezo ndikuyesetsa. Chinsinsi cha a Zuze nacho ndachisunga bwino ndithu. Kupatula mkazi wanga, anzanga a ku ofesi, madalaivala angapo a mathirakitala ndi inu, sindinauzepo munthu.