Batate Ba Sultan, Telala Wosadziwa Kukana

Mu komboni yonse ya Mtendere munalibe munthu woopsa pa katundu wa m'nyumba mwathu kuposa batate, Ba Sultan telala. Akuba tinkawatsekera kunja. Koma awa anali ndi kiyi.

Matenda awo anali amodzi: kukana sankakudziwa. Munthu akangoima pakhomo pa shopu yawo kuseri kwa msika n'kuusa moyo, iwo anali atayamba kale kuunguza chomupatsa. Ambulera ya bamai inapita choncho. Wailesi inapita kumaliro a munthu amene sitinkamudziwa n'komwe, ndipo inakhazikika komweko. Ine Thuwaiba, mwana wawo woyamba, ndinapitapo kusukulu ndi patapata chifukwa nsapato zanga zinapeza mwana "wovutika kwambiri".

"Manje ine sinivutika?" ndinawafunsa.

"Iwe uli na tate," anayankha, ngati kuti tate amavalika kuphazi.

Eni akewo sankafuna zambiri. Akabwera kumzikiti ankakhala pabenchi ndi tiyi wamkaka, chinangwa chootcha ndi nshawa zodzaza dzanja, n'kumamwetulira ngati mwini migodi.

Kuseri kwa mpanda wathu kunali tchalitchi cha Ba Pasitala Jackson, masipika ake oloza pawindo lathu. Lamlungu lililonse ankathamangitsa ziwanda, ndipo zonse zinkaoneka kuti zikuthawira kwathu. Tsiku lina, ali mkati modumpha, buluku la suti yawo linang'ambika kumbuyo konse. Anatulukira kwathu atadzikulunga chitenje cha akazi awo.

"Ba Sultan, nithandizeni! Mpingo uniyembekeza!"

Batate anasoka, anasita, n'kuwamwetsa tiyi. Powaperekeza anati, "Mukatitchuleko na ise mu pemphero. Na masipika aja, imwe kumwamba bakumvelani msanga."

Koma nkhani imene inatsala pang'ono kuphwasula banja ndi ya Monde wogulitsa tomato. Mwamuna wake atamwalira, achibale ananyamula zonse mpaka masupuni, mwini nyumba n'kumutulutsa mvula ili pakati. Batate anafika naye kwathu, ana atatu pambuyo, wamng'ono akukhosomola, onse ali chonyowa. Nyumba yathu inali ya zipinda ziwiri.

Bamai, Ba Mwanajuma, anangolowa kuchipinda. Analongedza chikwama.

"Sankhani lelo, Ba Sultan. Ine, olo Mtendere yonse."

"Imwe ninakusankhani kudala, tsiku la ukwati, pamaso pa Ba Shehe," anatero batate mofatsa. "Aba ni mvula yabaleta."

Bamai anatuluka. Ndinawatsatira mpaka pasiteshoni ndikulira, ndipo anakweradi minibasi ya ku tauni. Ndinabwerera ndili ndi mantha, ndinapeza batate ali pamkeka wawo wopempherera, tiyi atazizira pambali. Dzuwa lisanalowe, chitseko chinatseguka. Anali bamai, botolo la mankhwala a chifuwa m'manja.

"Musaseke! Nabwelela kamwana kaja kokhosomola. Nikakasiya na imwe muzakamwetsa tiyi mpaka kafe."

Monde anakhala nafe mpaka mvula inatha. Bamai omwewo ndi amene anamuphunzitsa kusoka, akumukalipira ulusi uliwonse. Lero Monde amasoka mayunifomu ku Chainda.

Batate anamwalira chaka chatha, Lachisanu masana atangobwera kopemphera. Anati atsamire khoma pang'ono, basi. Ngakhale imfa sanaikanize.

Asilamu sitichedwetsa maliro, koma uthenga unathamanga kutiposa. Kunabwera azimayi a kumsika, makondakitala, oimba kwaya, ndi zidakwa za m'thaveni zitayesetsa kuyenda mowongoka. Ba Shehe anayang'ana khamulo n'kunong'oneza bamai, "Bonse aba ni bululu, ni banja lanu?"

"Ni bamene banatidyela chuma," anatero bamai, misozi ikutsika osaipukuta.

Masiku ano njira ya kuseri kwa msika yangokhala njira. Anthu amadutsa mofulumira, ndipo wosowa pogwira amaima pamphambano n'kumayang'ana zitseko, osadziwa choti agogode.

Mwezi watha kunabwera bambo wina wowonda, wafumbi mpaka m'mawondo. Anati wayenda pansi kuchokera ku Kabanana, chifukwa wina anamuuza kuti ku Mtendere kuli telala amene sabweza munthu.

"Mwachedwa, banafa," anatero bamai.

Bamboyo anangogwedeza mutu n'kutembenuka. Bamai anamuyang'ana akupita mpaka pageti, kenako anandituzulira maso.

"Iwe Thuwaiba, waimilila chani? Muitane munthu akhale pansi."