Kampira kolemera ka Pak Harjito

Pak Harjito (kuno bambo timati Pak) anamwalira asanamenyepo kampira mwamphamvu ngakhale kamodzi. Funsani aliyense m'dera lathu kuno ku Semarang, akuuzani zomwezo. Zaka makumi anayi akusewera tenisi ya patebulo m'holo yathu, mkulu ameneyu ntchito yawo inali kutema basi. Ankaima kutali ndi tebulo, msana utatsala pang'ono kugunda khoma, n'kumadikira. Kampira kakafika ankakacheka chapansi monga ankachekera tempe, chakudya cha soya chimene ankagulitsa pamsika, ndipo kankabwerera mwaulemu, pang'onopang'ono, koma kakuzungulira chafutambuyo. Ukangokakhudza kankagwera mu ukonde ngati mwala.

"Kumenya n'kwa anthu aphuma," ankatero. "Ine ndilibe kothamangira."

Tsiku lina kunabwera msilikali wina wa mapewa ngati chitseko, atanyamula chomenyera chake m'kachikwama kokiya. Atagonja kachitatu anayamba kuyeza ukonde ndi zala.

"Pak, tebulo ili ndi lopendekeka."

"Tisinthane mbali, Mas, m'bale wanga."

Anasinthana, msilikali n'kugonjanso.

"Lapendekekanso!" anakuwa wina kumbuyo, holo yonse n'kufa nacho chiseko.

Chaka chimene madzi anasefukira mpaka m'holo, tinakweza tebulo pa njerwa, masewera osaima. Pak Harjito ankabwerera m'mbuyo, madzi ali m'akakolo, mpaka anatulukira pakhomo. Alipo amene amalumbira kuti anatema kampira ali pakhonde, uku akufunsa imamu za mwendo wake wotupa.

Koma munthu amene anazunzika zenizeni ndi kampira kameneka anali akazi awo, Bu Murtini, mphunzitsi wopuma ntchito. Mayiwa ankagonjetsa amuna ambiri m'holomo, koma amuna awo okha sanawagonjetsepo. Analumbira pamaso pa anthu kuti sadzalowa m'manda asanapambane gemu imodzi yokha, yachilungamo, yopanda kuchitiridwa chifundo.

Amuna awowo n'kumawaphunzitsanso, ndipo zimenezi ndiye zinkawawa kwambiri. Awiriwa ankaitanana Bune ndi Pakne, monga amachitira okwatirana kuno.

"Bune, pinda maondo."

"Maondo ndi anga, Pakne."

"Tsitsa dzanja lifike pabondo. Usakamenye ayi, kapese chokweza. Kanyamule ngati chidebe cha pachitsime."

"Inu munatungapo liti madzi?"

Bu Murtini anamva kwa wina kuti akatswiri amaphunzira kupesa pa tayala la njinga. M'mawa mwake Pak Harjito anapeza njinga yawo yagadama pabwalo, akazi awo akupalasa tayala ndi chomenyera, thukuta kamukamu. Anapita kumsika wapansi miyezi itatu, dengu la tempe lili paphewa, akuuza aliyense panjira kuti njinga yakwatiwa.

Ndipo kunena zoona, mayiwa anaphunzira. Kampira kanayamba kudumpha ukonde, kukhotera pansi, n'kuthamanga pa tebulo. Ankafika pa mapointi asanu ndi atatu, nthawi zina asanu ndi anayi. Akatero, mkulu uja ankangonyambita milomo n'kuwonjezera kulemera, basi zonse mu ukonde. Kunyumba tsiku limenelo tiyi ankabwera wopanda shuga.

Kenako Pak Harjito anayamba kutsokomola, n'kumaonda, malamba n'kumawaboola mabowo atsopano. Atatuluka m'chipatala anaumirira kuti Lamlungu m'mawa apite kuholo akasewere ndi akazi awo.

"Mukagwa ine sindikunyamulani," anatero Bu Murtini.

"Iwe nyamula kampira, ine ndisiye."

Kampira koyamba katabwera, Bu Murtini anapinda maondo, n'kukweza monga mwa masiku onse. Kanauluka kupitirira tebulo mpaka kukagunda wotchi ya pakhoma. Kachiwiri chimodzimodzi. Anthu anaseka, koma iwo sanaseke nawo. Dzanja lawo linkadziwa kampira ka amuna awo kuposa mmene dokotala ankadziwira mapapo awo. Kameneka kanali kopanda kanthu m'kati. Mkono wotema uja unali utatha.

Anangopendeketsa chomenyera pang'ono, mapointi n'kuyamba kubwera okha. Posakhalitsa zinali khumi kwa zisanu ndi ziwiri. Panatsala pointi imodzi, imene anaidikira zaka makumi atatu. Kutsidya kwa ukonde Pak Harjito anali atatsamira khoma, akupumira m'mwamba, koma chomenyera chili chokonzeka m'manja.

Bu Murtini anatsitsa dzanja mpaka pabondo, n'kukweza ndi mphamvu zonse ngati akunyamula kampira ka masiku akale. Kanakagunda denga. Anachita zimenezi kasanu motsatizana.

"Mwaonatu nonse?" anatero Pak Harjito mawu akusasa. "Kakulemerabe!"

"Kakulemera, Pakne."

Pobwerera kunyumba ankayenda pang'onopang'ono, mkuluyo atakoleka dzanja pamkono wa akazi awo, chinthu chimene sanachitepo pamsewu chikwatiranireni.

"Bune, si iwe unkaphunzitsa ana kuti bodza n'loipa?"

"Yang'anani njira, mupunthwa."

"Ukanangopambana. Mwayi wina sudzaupezanso."

"Kupambana ndani? Amene ndikufuna kumugonjetsa sanabwere lero."

Pak Harjito anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ndipo anakhala pansi pamlatho kwa nthawi yaitali. Patatha milungu itatu tinawaika m'manda.

Masiku ano m'holo muja aliyense ndi womenya. Phokoso lokhalokha, pointi imatha munthu asanakhale n'komwe. Pamalo paja Pak Harjito ankaima, pafupi ndi khoma, anaunjikapo mipando yapulasitiki. Ena timasekabe tikakumbuka za msilikali uja, koma chiseko chake sichifika patali. Tinkadandaula kuti masewera awo ndi otopetsa, lero tikuwasowa koopsa.

Mapemphero a tsiku la makumi anayi atadutsa, Bu Murtini anabwerera kuholo. Anagonjetsa aliyense amene anaima patsogolo pawo, osamwetulira. Pomaliza anaitana Mas Gunadi, wokonza njinga zamoto, amene ali ndi mkono wamphamvu kuposa tonse.

"Mas, tanditemereni. Musandimvere chisoni."

"Ndiyesa, Bu, koma ine si iwo aja."

"Ndikudziwa. Temani."

Mas Gunadi anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kutema ndi thupi lonse. Bu Murtini anapinda maondo aja, n'kukapesa. Kampira kanakwera, kanakhota, kanaluma pakona ya tebulo n'kudutsa Mas Gunadi asanasunthe phazi. Sitinaonepo kupesa kokongola chotero m'holo imeneyi, ndipo tonse tinaimirira kuomba m'manja.

Bu Murtini sanatimve. Anali atatsitsa kale dzanja pabondo, maso ali kukhoma, akudikira kuti kabwerere. Kampira kananjanja kawiri pasimenti, n'kugubudukira pansi pa mipando.