Bokosi la a Lameki

Anzanga a ku depoti akhala akuikamba mokhotetsa nkhani iyi kwa zaka zambiri, ndiye lero ndati ndiikambe ndekha. Ndi yochititsa manyazi, inde, koma manyazi ake ndi anga, ndipo ndiwanyamula ndekha mwini wake. Ndineneretu kuti mpaka lero sindivomera kuti ndinalakwa.

Zaka zimenezo, matipate atangoyamba kumene, ndinkayendetsa lole ya kampani ina ya ku Limbe. Sitinali ngati anzathu a fodya kapena shuga, amene amadzaza katundu wa munthu mmodzi n'kukatsitsa malo amodzi. Ife tinali a katundu wophatikiza. Uyu malata khumi, uyu matumba atatu a feteleza, uyu njinga, uyu makatoni a mabuku, zonse m'lole imodzi, ndipo umayenda ukutsitsa kamodzikamodzi mpaka lole itapepuka.

Katundu aliyense anali ndi pepala lake, delivery note, ndipo pepalalo linkayenera kubwerera ku ofesi litasayinidwa. Mwezi umenewo ine ndinali nditabweza kale mapepala awiri osasayina. M'mawa wa tsikulo kapitawo wathu anandiimitsa pageti.

"A Matiki, pepala lina likangobwera lopanda siginecha, mudzandisiyire makiyi patebulo. Mwamva?"

"Ndamva, bwana."

"Komanso muli bokosi lalitali la ku Domasi. Lisagwedezeke, ndipo lifike lero lomwe. Abale ake akudikira."

Kunyumba ku Bangwe ndinali ndi ana anayi, wachisanu ali m'njira. Makiyi amenewo sindikanawasiya patebulo la munthu aliyense.

Katundu anali atapakira kale ine ndisanafike, ndipo mnzanga woyenda naye anali atadwala, choncho ndinanyamuka ndekha. Bokosilo ndinaliona koyamba pa Namadzi potsitsa njinga. Linali lamatabwa, lalitali, lokhomedwa misomali, pamwamba atalemba ndi penti yofiira kuti THIS SIDE UP. Ndinakhala pamutu pake n'kudyerapo chipisi changa, popeza mpando wakutsogolo unali utatentha.

Pa Songani ndinasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wolowera cha ku mishoni. Pokumbukira mawu a kapitawo, ndinaika giya wani n'kumayenda ngati mkwati. Lole yathu inali yosatseka kumbuyo, ndiye bokosi lija linkaonekera. Anthu apanjinga ankatsika, azibambo ankavula zipewa, amayi ena ankagwada m'mbali mwa msewu. Ine mumtima ndinati kuno ndiye kuli anthu odziwa kulemekeza dalaivala. Ndinkawabayibitsa, ena kuwaimbirako huta pang'ono.

Papepala panalembedwa kuti wotumiza ndi Lameck, wolandira ndi banja la a Namakhwa. Nditafunsafunsa ndinaima pa nyumba ina ya njerwa pansi pa mitengo ya mango. Pakhomo panali mayi wachikulire akupeta mpunga.

"Odi! Pano ndi pa a Namakhwa?"

"Eee, ndi pano. Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera, kaya inu. Ndachokera ku Limbe. Ndabwera ndi bokosi la a Lameki."

Lichero linagwa. Mpunga unamwazika, nkhuku n'kupezerapo mwayi. Mayi aja anagwira mutu ndi manja awiri n'kuyamba kulira kuja kumene kumamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje.

"Mwana wanga ine! Analemba kuti abwera sabata ino, kodi kubwera kwake n'kumeneku?"

Apa ndiloleni ndidziteteze. Ku depoti bokosi ndi bokosi basi: muli sopo, muli misomali, muli mabuku. Koma kumudzi, makamaka zaka zimenezo pamene malole ankabweza ana a anthu kuchokera m'tauni sabata ndi sabata, mawuwa anali ndi tanthauzo limodzi lokha. Chichewa sindinapange ndine, ndinangochipeza.

"Mayi, musalire," ndinatero. "Ndi katundu chabe."

"Akuti katundu! Mwana wanga wasanduka katundu!"

Ndisanatseke pakamwa, bwalo linadzaza. Linali Lachinayi, ndipo amayi a mpingo anali akuchokera ku msonkhano wawo atavala kale zoyera ndi zakuda. Sanafunikenso kukasintha, anangokhota n'kuyamba nyimbo. Wina anathyola nthambi za mango n'kukaziyala pamsewu kuti odutsa adziwe kuti pano pagwa zovuta.

Kenako anafika a Namakhwa, malume ake a Lameki, kuchokera kumunda wa mpunga, matope mpaka m'mawondo, akutsimphina mwendo umodzi.

"Ndinu mwabwera ndi mwana wathu?"

"Ndabwera ndi bokosi, bambo. Ingosayinani apa, ndili ndi ena anayi oti ndikatsitse lero."

"Ena anayi?"

"Lero achepa. Masiku ena ndimatsitsa khumi ndi awiri."

Nyimbo inadukira pakati, kulira n'kukwera. A Namakhwa anasuzumira m'lole n'kupukusa mutu.

"Mwamuika pansi pa feteleza?"

"Cholemera chimakhala pansi, ndi mmene timapakirira."

"Ndipo wabwera yekha, popanda womuperekeza?"

"Wabwera ndi malata a ku Malosa. Komatu, bambo, ine sindinanene kuti muli munthu."

"Nanga muli chiyani?"

Tsono ine ndili ndi nthenda imodzi imene mkazi wanga analephera kuichiza: mawu oti sindikudziwa satuluka pakamwa panga. Dalaivala wosadziwa chimene wanyamula amasiyana pati ndi ng'ombe ya pangolo? Ndinayang'ana bokosi lija kuti mwina lindiuza lokha. Utali wake unali wa munthu wamkulu ndithu. Mawu a kapitawo anabwerera: lisagwedezeke, lifike lero, abale ake akudikira. Mayi aja n'kuwonjezera pakati pa kulira kuti m'kalata yake Lameki anatchulamo za malungo.

Thukuta linatsika. Ndinakumbukira chipisi cha pa Namadzi chija, ndi pamene ndinakhala pochidya. Ndinakwiya ndi kapitawo kuti wandinyamulitsa maliro osandiuza, koma pamaso pa anthu ndinangotsokomola.

"Pepani," ndinatero. "Ndimafuna ndikuuzeni pang'onopang'ono."

Basi, ndinali nditadzikhomera ndekha. Azibambo asanu ndi mmodzi anachotsa feteleza, n'kutsitsa bokosi mwaulemu, n'kuliika pakhonde pamphasa yatsopano. Ine anandipatsa mpando wandalema pansi pa mango, pakati pa akuluakulu. Ndinatulutsa pepala ndi bolopeni n'kuwapatsa a Namakhwa. Sanalandire.

"Pepala lanulo tisayina," anatero. "Koma mwambo mukuudziwa. Wobweretsa maliro amayamba wafotokoza mmene zinayendera. Mukafotokoza, ndisayina. Mukapanda kufotokoza, pepalalo mubwerera nalo."

Ndinayang'ana pepala, ndinayang'ana makiyi. Lameki ameneyu ndinali ndisanamuonepo chibadwire, kaya ndi wamtali kaya ndi wamfupi. Koma ana anayi ndinali ndikuwadziwa bwino, ndi kudya kwawo komwe. Ndinaimirira, n'kuvula kapusi.

"Abale ndi alongo, a Lameki anayamba ndi mutu Lolemba."

"Mmm," anthu anavomera.

"Lachiwiri thupi linatentha. Anakana phala, anakana tiyi. Anzawo anathamangira nawo kuchipatala, madokotala anayesetsa, drip pamwamba pa drip. Koma Lachitatu m'mawa zinakanika."

Ndikunena zoona, ndinafotokoza bwino moti nanenso misozi inalengeza. Mkulu wa mpingo, bambo woonda wamagalasi, anaweramira kutsogolo.

"Anasiyako mawu?"

Munthu wanzeru akanati ayi. Ine ndinaona khomo lotseguka.

"Anasiya. Anati, mukawauze amalume asamuchedwetse dalaivala, amusayinire pepala lake."

A Namakhwa anandiyang'ana nthawi yaitali. Koma kumbali ya azimayi wina anati, "Ndi iyeyo ameneyo, woganizira anzake kuyambira ali mwana," ndipo onse analiranso. Malume aja analandira bolopeni. Nsonga yake inali itagunda kale papepala pamene mkulu wa mpingo anakweza dzanja.

"Tiyambe taona nkhope. Munthu sasayinira chimene sanaone."

Mawu amenewo ndi olondola, ndipo mpaka lero ndimadana nawo. Ndinabweza pepala m'thumba la shati, iwo n'kubweretsa hamala, n'kundipatsa ineyo. Akuti anakhoma ndi akwanu, ndiye mutsegule ndinu.

Ndinagwada pamutu pa bokosi, pomwe paja ndinadyera chipisi. Ndinazula misomali inayi n'kuchotsa thabwa loyamba. Pansi pake panali manyuzipepala akale. Amayi anayamba nyimbo ina chapansipansi. Ndinatseka maso, n'kukankhira manyuzipepala pambali, kenako n'kutsegula.

Nkhope inalipo. Yakuda, yathukuta, maso ali tong'o, kukamwa kuli yasa. Inandiyang'ana, ine n'kuiyang'ana. Kenako inaphethira.

"Akuphethira! Malemu akuphethira!"

Mmene ndinadumphira benchi sindikumbuka. Ndinadutsa pakati pa amayi a mpingo, n'kulumpha mpanda waudzu, n'kukathera m'munda wa mpunga, matope mpaka m'chiuno. Koma pepala ndinalikweza m'mwamba, silinanyowe. Kumbuyo kwanga bwalo lonse linabalalika, mkulu wa mpingo ali patsogolo, magalasi m'manja.

Anatsala ndi a Namakhwa okha, chifukwa cha mwendo uja. Poona kuti kuthawa sangathe, anasendera pafupi n'kusuzumira m'bokosi. Anagwira ndevu zawo, n'kusuzumiranso.

"Tabwerani, anthuni," anaitana. "Malemuwa tsopano ayamba kufanana ndi ine."

Anachotsa matabwa otsalawo. Munali wadiropu yatsopano, yopaka vanishi, ya galasi lalikulu pachitseko. Nkhope imene inandithamangitsa ija inali yanga yomwe.

Anthu akubwerera mmodzimmodzi, ena akuseka, ena akupukutabe misozi, kumsewu kunatulukira bambo wa suti yotuwa atanyamula sutikesi. Anali atatsika minibasi pa Songani n'kuyenda wapansi, ndipo ataona nthambi pamsewu wa kwawo anayamba kulira asanafike n'komwe.

"Amalume, chachitika n'chiyani? Wamwalira ndani?"

"Iweyo," anatero a Namakhwa. "Unayamba ndi mutu Lolemba."

Mayi aja anamugwera mwana wawo, kumugwira nkhope, kumugwira mapewa, kumutsina kuti atsimikize. Wadiropu ija inali mphatso yawo, Lameki anaitsogoza kuti awadzidzimutse. Kuwadzidzimutsa ndiye anawadzidzimutsadi. Atatha kulira kwachiwiri, mayiwo anatola lichero n'kuyamba kufunsa kuti dalaivala uja ali kuti.

Ndikanatha kuzemba n'kukakwera lole mwakachetechete. Koma ine sindinachoke ku Limbe kudzaona mpunga wa ku Domasi. Ndinatuluka m'matope, nsapato imodzi itatsalira momwemo, n'kuyenda mpaka pakati pa bwalo, pepala lili m'manja.

"Bambo wabodza inu!" anatero mayi aja. "Mwandiphera mwana masana dzuwa likuswa mtengo."

"Mwatiimbitsa nyimbo zitatu," anawonjezera mtsogoleri wa amayi a mpingo.

"Zonse ndamva," ndinatero. "Koma ndifunseko. Bokosi lafika kapena silinafike? Lafika. Galasi lasweka? Silinasweke, ndaliyesa ndekha. Ndiye wina asayine apa."

"Ine wabodza sindimusayinira," anatero a Namakhwa, n'kuponya bolopeni pamphasa.

Pamenepo mtima unagwa ndithu. Ndinaona tebulo la kapitawo, ndinaona makiyi ali pamenepo, ndinaona nkhope ya mkazi wanga. Koma mutu sindinaweramitse. Ndinaima njii, matope akudontha, dzanja lili chitambasulire.

Lameki anali atamva kale mbiri yonse ya matenda ake, ndi drip yomwe. Anapukuta misozi ya kuseka n'kutola bolopeni.

"Bweretsani kuno, achimwene. Poti akuti ndi mawu anga omaliza, ndisawaphwanye."

Anasayina pamwamba pa wadiropu. Pamzere wofunsa kuti katundu wafika bwanji, analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti WAMOYO.

Kapitawo anawerenga pepalalo kawiri, n'kuyang'ana phazi langa lopanda nsapato, koma siginecha inalipo ndipo makiyi ndinapita nawo kunyumba. Ku depoti ananditcha Adzukulu mpaka tsiku limene ndinapuma ntchito. Aseke, palibe kanthu. Pa madalaivala onse a kampani ija, ndine ndekha amene ndinabweza pepala losayinidwa ndi malemu.

Ukamanama za maliro, uziyamba wafunsa ngati mwini maliroyo amadziwa kulemba.