Tsiku Limene Ndinaitana Dokotala wa Azungu

Amene akuti ndikunama adzuke tsopano apite kwawo ndisanayambe, chifukwa sindifuna munthu wotsokomola pakati pa nkhani yanga. Inu anyamata a muno mu Matero, mwakhala pano masana onse kusekana Chingerezi, uyu akuti Mbemba amachiyimba, uyo akuti wa ku Chipata satha kusiyanitsa mpunga ndi nsabwe poti zonse amangoti laisi. Mukuseka chiyani? Palibe mmodzi wa inu amene anachilankhulapo mpaka chitsulo n'kumva. Ine Filimoni ndinachita zimenezo, nthawi ya Chitaganya, tikuyenda ndi chitupa m'thumba, nyama tikugulira pawindo.

Chingerezi changa choyamba ndinachitenga kwathu ku Nyasalande, kwa m'busa wa ku Skotilandi amene lilime lake linkagubuduka ngati mphero, moti akati atchule dzina la Rute mazenera a tchalitchi ankanjenjemera. Nditafika kuno ku Lusaka ndinapeza kuti azungu eni ake sagwirizana pa chilankhulo chawocho. Mbunu amachitulutsira kukhosi ngati watsamwa fupa, Mgiriki wa buledi amachidula nthulinthuli, wa ku Mangalande weniweni amachilankhulira m'mphuno, milomo osatsegula, ngati akuopa kuti mawu angadye ntchentche. Ine ndinazimeza zonse. Ndinkati ndikadutsa kumayadi n'kupereka moni wa m'mphuno uja, agalu amene anaphunzitsidwa kuluma munthu wakuda ankagona chagada kuti ndiwakande pamimba, ndipo tsiku lina wapolisi anandimva ndili kuseri kwa mpanda, nachita sawasha kwa mpandawo mpaka dzuwa kupendeka, dzanja n'kuumira pachipumi, kunyumba anachita kukamudyetsa mkazi wake. Mukumva?

N'chifukwa chake pa kampani ina ya matabwa ku mafakitale kuja anandichotsa ponyamula matabwa n'kundiika pa lamya. Azungu oyimba ankaganiza kuti akulankhula ndi mnzawo. Ankandifunsa za nyengo ya kwawo, ankandidandaulira za ulesi wa anthu akuda, mmodzi mpaka anandiitana kukadya kunyumba kwake Lamulungu, ine ndili chiimire opanda nsapato, chifukwa mpando wa pa lamyapo sunali wa munthu ngati ine. Malipiro anali omwe aja a wonyamula matabwa.

Chaka chimenecho mkazi wanga Esinati anali ndi pathupi. Tinali titakhala zaka zambiri opanda mwana, anthu atatinena mpaka kutopa, ndiye pathupi pamenepo tinkapasamala ngati dzira. Tsiku lina m'mawa ndikunyamuka anati msana ukumupweteka, koma anandiuza kuti ndipite, azimayi alipo. Dzuwa lili paliwombo ndinangoona a Tembo, amene tinkayandikana nyumba, atulukira pa njinga thukuta lili kamukamu.

"Ba Filimoni, vinthu vavuta ku nyumba," anatero. "Mwana sachoka. Bazimai bakangiwa, balephera. Ku kiliniki bakuti motoka palibe, tiyembekeze mailo."

Mawa. Munthu akutaya magazi, iwo akuti mawa. Bwana wanga anali atapita kukadya. Ndinayang'ana lamya ija, ndinavula chipewa, ndinatseka milomo monga amachitira a ku Mangalande, n'kuyimbira dokotala wina wa azungu amene anali ndi chipinda chake m'tauni. Dzina lake sinditchula, silindikomera m'kamwa. Ndinamuuza kuti mkazi wanga ali pa imfa ndi moyo, abwere msanga pageti pa kampani, ndimulondolera njira. Sindinaname ngakhale liwu limodzi. Koma Chingerezi chimene ndinathira mu waya tsiku limenelo, abale anga, chinali cholemera moti mawaya analendewera kuchokera ku mafakitale mpaka m'tauni, ngolo za abulu zinkachita kuwerama podutsa pansi pake, mbalame zonse zinali pamenepo zinagwa pansi zitakomoka, ndipo mtsikana wachizungu wolumikiza mafoni anaimirira pampando wake n'kuwerama ngati wadutsidwa ndi Bwanamkubwa. Ndikulumbira pa manda a mayi anga.

"Musadandaule, bwana," anatero dokotala uja. "Ndikubwera pompano. Muuzeni dona alimbe mtima."

Anati dona. Esinati wanga, wogulitsa vitumbuwa pamsika, anakhala dona kwa kanthawi kameneko.

Ndisanabwezere lamya pamalo pake, galimoto inali itaima kale pageti, yakuda, yonyezimira, fumbi likubwera pambuyo lokhalokha litasiyidwa. Anatuluka ndi chikwama chake, wamtali, wofiira m'khosi, nandiyang'ana ngati mmene mumayang'anira mtengo wa magetsi.

"Iwe boyi, ali kuti bwana amene wandiitana?"

Ndinamuyankha ndi mawu omwe aja a pa lamya, kuti ndine, ndipo mkazi wanga ali ku Matero.

Anayang'ana kumbuyo kwanga. Anasuzumira m'kanyumba ka mlonda, anagubuduza mulu wa matabwa, anatsegula ngakhale thumba la malaya anga kuti mwina mzunguyo wabisala m'menemo, kenaka anandigwira chibwano ndi zala ziwiri, natsegula kukamwa kwanga n'kuunikamo ndi katochi kake, kufunafuna mwini mawu. Atapeza kuti muli lilime langa lokha, nkhope yake inasintha. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi ndikumukhululukira. Anapukuta zala zake ndi kansalu, nati:

"Uzilankhula ngati anthu a mtundu wako. Anthu inu muli ndi chipatala chanu."

Analowa m'galimoto n'kuliza. Ine ndinaithamangira, ndikumupempha m'Chingerezi cha m'busa uja, kenaka cha Mbunu, kenaka cha Mgiriki, mwina chimodzi mwa izo chingamukumbutse amake, ndinathamanga mpaka mapazi kufuka utsi, ndinaipitirira galimotoyo pa njanji, ndinabwerera kudzaima kutsogolo kwake, n'kuilamula iyo yomwe, osati iye, kuti iime. Inaima. Mukumva? Inapangidwa ku Mangalande, inazindikira mawu a kwawo, inazima yokha n'kugwetsa mphuno pansi ngati ng'ombe yoweta. Iye anapotoza kiyi, anaponda uku ndi uku, anaitukwana, koma Chingerezi chake pafupi ndi changa chinali cha mwana wa sukulu. Chitsulo chinamva chisoni. Munthu anatenga chikwama chake nauyamba wapansi kubwerera m'tauni, osacheuka.

Ndinalowamo n'kukhala pampando wakumbuyo, poti kuyendetsa sindidziwa, n'kuiuza kuti ku Matero. Inapita yokha, ikulumpha maenje, nkhuku zikuthawira padenga, inakaima pakhomo panga penipeni. Koma galimoto ilibe manja. Chikwama chija chinali chitapita ndi mwini wake. Azimayi anamutulutsa Esinati m'bulangete lonyowa, maso atatembenuka, ndipo tinathamanga naye ku chipatala cha anthu akuda, kumene tinapeza mzere wofika kumsewu. Kumeneko Chingerezi changa sichinagwire ntchito, chifukwa ankandiona nkhope ndisanatsegule pakamwa. Anamulowetsa dzuwa litafiira.

Esinati anapulumuka. Mwana anatuluka ali chete. Anali wamkazi, anatero azimayi, watsitsi lambiri. Ine sindinamuone, ndipo kumene anakamuika sindikudziwa, poti mwana wotere amakamutaya azimayi okhaokha, mwamuna sapitako, maliro salira. Pathupi pena sipanabwerenso. Ntchito inatha m'mawa mwake, bwana atamva kuti ndagwiritsa lamya ya kampani pa zanga, ndipo apolisi anazungulira mu Lusaka monse kufunafuna mzungu amene anapusitsa dokotala, anandifunsa ngakhale ineyo ngati ndamuonapo, ine n'kuti ayi bwana.

Iwe wa malaya oyerawe, ndakuona ukugwedeza mutu. Esinati ali m'nyumbamu, akusankha nyemba. Lowa ukamufunse. Akuuza kuti galimoto sanaione, kuti ndinamunyamula pa njinga ya a Tembo, ine ndikukankha, azimayi atamugwirira uku ndi uku, kuyambira pano mpaka kuchipatala. Amatero nthawi zonse. Munthu anali atakomoka, angadziwe chiyani? Za mwana zokha usamufunse.

Koma za dokotala palibe angatsutse, a Tembo anaona ndi maso awo. Ndinamuitana ndi pakamwa pangapa, anasiya odwala ake achizungu pabenchi, nathamanga. Tsono inu nonse odziwa kutchula bwino mawu, amene anamufikitsapo dokotala wa azungu kupitirira pamene ndinamufikitsa ine aimirire timuone. Ine ndinamufikitsa pageti.