Mfolo wa a Danwell Zimba

Aliyense amene anakhalako kwa Chikomeni m'zaka zija za chipani chimodzi amadziwa kuti a Danwell Zimba sankatha kuona madzi akudutsa osagwira ntchito. Anthu ena amapsa mtima akapeza ng'ombe m'munda, ena akaona mwana akugona dzuwa litatuluka. Iwo ankapsa mtima ndi madzi aulesi. Akafika pamtsinje ankaima, n'kugwira m'chiuno, n'kufunsa aliyense amene ali pafupi kuti, "Kansi madzi awa akupita kuti? Wawaitana ndani kumeneko?"

Ine ndine Yakobe, kwathu ndi ku Kasungu. Ndinawoloka malire kudzagwira ntchito ya fodya, ndinakwatira konkuno, ndipo munda umene anandipatsa unachita malire ndi wa a Zimba. Choncho zimene ndikunenazi sindinachite kumva kwa munthu. Zina mwa izo zinandinyowetsa ndithu.

Tsiku loyamba kudya pakhomo pawo, akazi awo a NyaMtonga anabwera ndi madzi osamba m'manja. Ndikuti nditambasule manja, a Zimba anandigwira pachigongono, n'kundidzutsa, n'kundiperekeza kuseri kwa nyumba mpaka patsinde la papaya.

"Sambilani apa, a neba," anatero.

Ine ndinaganiza kuti ndi mwambo wa Atumbuka. Kwa miyezi ingapo, khomo lililonse limene andipatsa chakudya, ndinkanyamula beseni n'kumazungulira nyumba kufunafuna papaya, mpaka mkazi wanga anandiuza kuti ndikumuchititsa manyazi.

Bafa la kwa a Zimba silinkakhala malo amodzi. Linkasamuka m'kati mwa nthochi zawo, lero apa, sabata yamawa apo, malinga ndi nthochi imene yaoneka yaludzu. Mlendo akafuna kusamba ankachita kufunsa njira. Khasu nalo silinkachoka paphewa pawo. Kuukwati analitenga, kumaliro analitenga, kutchalitchi ankalitsamiritsa pakhomo pamene ena amasiya maambulera. Lamulungu lina mvula inayamba ulaliki uli pakati, ndipo tinangoona mpando wawo uli wopanda munthu. Potuluka tinawapeza atanyowa chinyowere, atakumba kangalande kochokera pamene denga limadonthera mpaka patimitengo ta mango ta mlaliki.

"A Zimba, mwathawa mawu a Mulungu?" anafunsa mkulu wa mpingo.

"Yayi, ndinali kumva pawindo. Pamene anati Nowa ndinalipo."

A NyaMtonga ankakonda kunena kuti amuna awowo sanakwatire iwo, anakwatira kasupe amene anali m'dimba la bambo awo. Ankanena pamaso pawo pomwe.

"Atate a Jemima, nenani zoona anthu amve. Munabwela kwathu chifukwa cha ine kapena kasupe?"

"Nonse awili ndinakukondani," ankayankha a Zimba. "Koma kasupe ndiye ndinayamba kumuona."

Ntchito yawo yaikulu inali mfolo, ngalande yaitali yotenga madzi kumtunda kwa kamtsinje kathu, pamene kamatsika m'miyala, n'kuwayendetsa m'mbali mwa phiri mpaka kumadimba. Nthawi imeneyo tonse tinkathirira ndi ndowa. Ukatunga m'chitsime cha m'dambo, kuthira mizere iwiri ya mpiru, msana watha. Ambiri ankangoti mvula ikatha, ulimi watha, tikumane mu Novembala. A Zimba anati zimenezo n'zopusa, madzi ali ndi miyendo yawo, angofunika kuwasonyeza njira.

Anakumba okha zilimwe zingapo. Chipangizo chawo choyezera chinali botolo la madzi osadzaza logonekedwa pathabwa. Ankagona chafufumimba, kutsinzina diso limodzi, n'kumalankhula ndi botololo. Anthu odutsa ankawapatsa moni mwaulemu, akapitirira n'kuyamba kuseka.

Tsiku lotsegula mfolo anavala jekete, anaitana aneba onse, napemphera mwachidule. Kenaka anagumula chotchinga ndi khasu. Madzi analowa bwinobwino, ife tikuwatsata pambali ngati tikuperekeza mkwatibwi. Atafika pachulu china anaima pang'ono, anazungulirazungulira, n'kuboola khoma la mfolo, ulendo kutsika kanjira ka kwathu. Ine ndinali nditangomaliza kusankha fodya wa chaka chonse, nditamuunjika pansi m'chigafa. Pofika ine, fodya anali kuyandama, nkhuku zili pamitanda.

Ndinabwerera kumtunda kwa a Zimba.

"A Zimba, madzi anu ali m'chigafa mwanga."

Nkhope yawo inawala. "Afika mpaka kumeneko? Ndiye kuti ali ndi mphamvu."

Ndinawaonetsa tsamba la fodya lonyowa, ndipo anazindikira. Anavula jekete, anatseka mfolo, anaitana banja lawo lonse, n'kutha masiku akuyanika fodya wanga padzuwa tsamba ndi tsamba. Wina anapulumuka, wambiri anaola. Kenaka anandidulira chigawo cha dimba lawo, chakufupi ndi mfolo, kuti chikhale changa. Ndinalandira, koma sindinawalankhule mpaka matimati anga oyamba atapsa. Atapsa, ndinapeza kuti mkwiyo wavuta kusunga.

Atakonza pachulu paja, mfolo unayenda. Vuto linali lakuti kuti ufike kumadimba unkadutsa pamsewu wolowera m'mudzi. Ngolo za ng'ombe zinkawoloka popanda nkhani, anjinga ankangonyamula njinga. Ndiye tinamva kuti kukubwera mlendo wamkulu wa chipani kuchokera ku Boma, kudzatilimbikitsa kulima chakudya chambiri. A Robson Ngoma, amene anali tcheyamani wa nthambi yathu, anatisesetsa msewu, miyala tinaipaka laimu, amayi anaphunzira nyimbo zatsopano. Za mfolo palibe anakumbukira.

Landirova inabwera ndi fumbi, amayi anayamba kuimba, ndipo galimoto inalowa pamfolo n'kutitimira mpaka m'mimba. Nyimbo inafera m'kamwa. Mlendo anatsegula chitseko, anatsitsa phazi limodzi, nsapato n'kutsalira m'matope. Tili chiimire choncho tinaona a Zimba akuthamanga ndi khasu. Tinapuma, tikuti akudzafukula galimoto. Iwo anafikira kuseri kwa tayala n'kuyamba kumanganso khoma la mfolo.

"Dalaivala, bwelela m'mbuyo pang'ono," anatero. "Waponda madzi a anyezi."

Masiku amenewo munthu ankatha kukayankha mafunso ku Boma pa nkhani yochepa kuposa imeneyi. Tinakankha galimoto, msonkhano unachitika, mlendo analankhula atavala nsapato zobwereka. Atangochoka, a Robson anapita kwa a Zimba thukuta lili kamukamu, ine ndikuwatsatira kuti mwina ndikaleretse.

"A Zimba, mwandipha. Mfolo uja mukwilile pamsewu. Mukapanda kutelo dzina lanu lipita ku Boma, ndipo a NyaMtonga sadzagulitsanso ndiwo pamsika. Sindikufuna, koma andiuza."

"Ndamva, Komuledi," anatero a Zimba mofatsa kwambiri, moti ndinada nkhawa kuti adwala.

Anapita kuthengo, anadula mitengo yolimba ya muwanga, anaiyala mopingasa pamwamba pa mfolo, anaikapo udzu, n'kuthira dothi ndi kulipondaponda. Msewu unakhala see, ngati sipanadutsepo kanthu. A Robson anabwera kudzaona.

"Mwakwilila?"

"Ndakwilila, Komuledi."

A Robson anaima pakati pa msewu, anapendeketsa mutu. "Nanga chikulila pansipa n'chiyani?"

"Achule."

A Robson anamvetserabe. Akazi awo anali atangobzala kabichi kumunsi kwa mfolo womwewo. "Achule a kuno ngaphokoso," anatero, n'kukwera njinga yawo.

Kenaka kunabwera chaka chija mvula inadula chimanga chikumasula. Minda inauma tikuyang'ana. Ku Boma anthu ankagona pamzere wa ufa n'kubwerako chimanjamanja. Pofika mu Meyi, onse amene ankaseka botolo lija anali pakhomo pa a Zimba, zipewa zili m'manja, kupempha kachigawo m'mbali mwa mfolo. Sanakanize munthu. Koma ndinene zoona, sanakhale munthu wosavuta kukhala naye. Anapachika chitsulo cha pulawo pamtengo, ndipo akachimenya ndiye kuti nthawi yako yothirira yatha, kaya mzere uli pakati. Ankayendera dimba ndi dimba kuyambira m'mawa, akudzudzula.

"A neba, mukuthilila chimanga kapena mukuphunzitsa nyelele kusambila?"

"Ndangotsegula kumene, a Zimba."

"Tsekani kumene."

Mkulu wa mpingo anamuchotsa pamzere kwa sabata chifukwa anamupeza akutsuka njinga mumfolo. Ngakhale a Robson amene, a Zimba anawalanda khasu pamaso pa anthu n'kuwaonetsa kagwiridwe kake. Tinkang'ung'udza tonse, koma chimanga chinamera pakati pa chilimwe, nyemba zinayanga, mbatata inaika, ndipo m'mudzi mwathu ana sanatupe miyendo monga tinkamvera kwina.

Pofika mu Okutobala kamtsinje kanachepa, madzi a mumfolo anatsala ngati chingwe. Kumapeto kwenikweni kunali dimba la a Faides, mayi wamasiye amene anabwera mochedwa kudzapempha malo, ndipo kumeneko madzi anasiya kufika. Chimanga chawo chinali chitangoyamba kubereka, masamba n'kuyamba kupotana. Anapita kwa a Zimba kukadandaula, iwo anangoti madzi alibe, sangawaumbe ndi manja.

Kumutu kwa mfolo kunali nthochi za a Zimba, zimene ankazikonda kuposa ng'ombe zawo. Mbewu yake anaitenga kutali, ankati ku Nkhata Bay, ndipo mlendo aliyense ankayenera kukaziona asanakhale pansi. M'mawa wina ndikupita kudimba ndinapeza polowera madzi ku nthochizo patatsekedwa ndi zibuma, madzi onse akupitirira kumunsi.

"A Zimba, mwatseka nthochi?"

"Dothi lagumuka lokha."

Ndinayang'ana. Zibumazo zinali zosanjidwa bwino, zomatidwa, chizindikiro cha khasu chikuoneka.

"Lagumuka mwaluso," ndinatero.

"Pitani mukathilile, nthawi yanu ikutha."

Nthochi zinauma imodzi ndi imodzi, ndipo iwo anasiya kudzera njira ya kumeneko. A Faides anakolola. Atabwera ndi dengu la chimanga chachiwisi kudzathokoza, a Zimba anawakalipira kuti mizere yawo njokhotakhota, ikutopetsa madzi. A Faides anagwada pomwepo mpaka a Zimba anamaliza kukalipa, anati yewo, anasiya dengu m'manja mwa a NyaMtonga n'kumapita akupukuta m'maso.

A Zimba anakhalanso zaka zingapo, akukumba timifolo tatsopano, akukangana ndi aliyense. Kenaka chifuwa chinawagwira. Anawatengera kuchipatala ku Boma, anabwerako ataonda, khasu likuwalemera. Masabata omaliza ankakhala pakhonde atafunda bulangete, n'kumatuma a NyaMtonga kuti akatiuze zimene tikulakwitsa kumadimba, ngakhale madimbawo sankaoneka kuchokera pakhondepo. Chodabwitsa n'chakuti nthawi zambiri ankalondola.

Anamwalira mu Febuluwale, mvula ili pachimake. Pokumba manda, madzi anayamba kutumphuka pansi, dzenje n'kumadzaza. Okumbawo anatsitsa ndowa, anatunga, n'kupatsira a Robson amene anaima pamwamba. A Robson anatembenuka kuti akhuthule, koma anaima ndi ndowa m'manja akuyang'ana uku ndi uku. Pagulu la amayi panamveka mawu a NyaMtonga, osasa ndi kulira.

"Musataye pamenepo, alamu. Angadzuke."

Anthu anaseka chapansipansi, ena akulira momwemo. Ndowa zonse tinazinyamula mpaka kumphepete kwa manda, kumene kunali timitengo tating'ono, ngakhale mvula inali itatithirira kale usiku wonse.

Mfolo ulipobe. Tsopano umayendetsedwa ndi komiti, ndipo ine ndili momwemo. Timakhala pansi pa mtengo n'kumakambirana mwaulemu za yemwe akachotse mchenga, tsiku n'kutha mchenga uli pomwepo. Madzi amafika, koma mochedwa, ndipo akapanda kufika palibe woti tikamudandaulire kapena kumunena miseche pobwerera. Kumadimba masiku ano kuli zii. Munthu ukhoza kuthirira kuyambira m'mawa mpaka masana popanda wobwera kudzaima kumbuyo kwako n'kukuuza kuti ukulakwitsa. Ine ndimathirira mizere yanga, ndimatseka, ndipo ndimapezeka kunyumba dzuwa likadali pamutu, mkazi wanga n'kumandifunsa ngati ndadwala.